John Curwen, Mbusa Amene Adaphunzira kwa Ana

Aphunzitsi ambiri a Sande Sukulu ndi atsogoleri a kwaya amadziŵa kuimba zilembo zija za d r m f s l t. Ena adaziphunzira akali ana, osafunsa n'komwe kuti zidachokera kuti. Munthu amene adazifalitsa m'maiko ambiri ndiye John Curwen, mbusa wa ku England. Chodabwitsa pa moyo wake ndi chakuti iye sadali katswiri wa nyimbo ai. Pamene ankayamba ubusa sankatha kutulutsa nyimbo ngakhale imodzi poyang'ana manotsi m'buku. Chimene adali nacho ndicho maso openyetsetsa ana. Ankadziŵa pamene atopa, pamene asokonezeka, ndi pamene mtima wawo wakondwa. Njira yake yonse yophunzitsira nyimbo idatuluka m'menemo.

John Curwen adabadwa pa 14 November 1816 ku Heckmondwike, m'chigawo cha Yorkshire. Atate ake, a Spedding Curwen, adali mbusa wa mpingo wa Congregational, ndipo mwanayo adatsata mapazi awo. Adaphunzira za ubusa pa Coward College, namaphunziranso pa University College mu mzinda wa London. M'chaka cha 1838 adatumizidwa ku Basingstoke kukakhala mbusa wothandiza. Kumeneko anthu adamdziŵa msanga monga munthu wotha kulankhula ndi ana. Ankati akayamba kusimba nkhani, ana osakhazikika omwe ankakhala chete. M'chaka cha 1840 adalemba kabuku ka nkhani ya ana kotchedwa The History of Nelly Vanner, ndipo kadakondedwa kwambiri.

Tikumbukire mmene zinthu zidaliri masiku amenewo. Ana ambiri a anthu osauka ku England ankagwira ntchito m'mafakitale, m'migodi ndi m'minda masiku asanu ndi limodzi pa mlungu. Kwa ambiri a iwo sukulu ya tsiku la Sabata, imene Robert Raikes adaichirikiza ku Gloucester kuyambira cha m'ma 1780, ndiyo idali sukulu yokha imene ankailoŵa. Palibe lamulo limene linkawakakamiza kupitako. Mwana amene sadakondwe ndi phunziro la lero sankaonekanso Sabata linzake. Aphunzitsi a Sande Sukulu akudziŵa bwino vuto limeneli, pakuti ifenso tilibe chikwapu kapena mayeso a boma otisungira ana. Chimene chimawabweza ndi chimene amapezako basi.

Kulephera kwa ku Basingstoke

Ku Basingstoke Curwen adafuna kuti ana aziimba bwino. Iye mwini adayamba waphunzira nyimbo zoŵerengeka pamtima, ndipo pamodzi ndi mnzake wina adasonkhanitsa ana okwana ngati 200, namakumana nawo kaŵiri pa mlungu, maola aŵiri nthaŵi iliyonse. Aphunzitsiwo ankaimba mokweza, ana n'kumatsatira. Mwa njira imeneyi anawo adagwira nyimbo zambiri ndithu, ndipo ankapita nazo kwawo ndi kumaziimba m'njira.

Koma Curwen sadakhutire. Adaona kuti nyimbo yophunzira pamtima imatha pamene mphunzitsi wachoka, pakuti mwanayo sangathe kudziphunzitsa ina yatsopano. Choncho adayesa kuwaphunzitsa manotsi a pa mizere isanu, maina ake, utali wake, ndi zizindikiro zokweza ndi zotsitsa mawu. Adalimbikira kwambiri, koma sizidaphule kanthu. Ana omwe aja amene ankagwira nyimbo ndi khutu mosavuta adasanduka ngati osamva. Iye mwini adayesa kuphunzira manotsiwo pa piyano, nataya nthaŵi yambiri, koma adapindula pang'ono chabe.

Pano mpamene pali kusiyana kwa Curwen ndi aphunzitsi ambiri. Chizoloŵezi chathu, ana akalephera, ndi kunena kuti ana a masiku ano ngaulesi, kapena kuti alibe mphatso ya nyimbo. Curwen sakadatha kunena zimenezi, popeza adawamva ndi makutu ake anawo akuimba bwino. Ngati mwana aimba nyimbo yathunthu koma alephera phunziro la nyimbo, cholakwa chili m'phunzirolo. Adayamba kukayika njira yake, osati ana.

Msonkhano wa ku Hull ndi buku la Sarah Glover

M'chaka cha 1841 Curwen adasamukira ku Stowmarket. Chaka chomwecho adapita ku msonkhano wa aphunzitsi a Sande Sukulu mu mzinda wa Hull. Kumeneko adakambirana za kuipa kwa maimbidwe m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo msonkhano udasenzetsa mbusa wachinyamatayu ntchito yofunafuna njira yapafupi yophunzitsira ana kuimba poŵerenga. Sadamsankhe chifukwa chodziŵa nyimbo, koma chifukwa chodziŵa kuphunzitsa. Njira yofunikayo idayenera kukhala yosavuta, popeza anthu adalibe nthaŵi, yotsika mtengo, popeza adali osauka, ndiponso yoona, yosanamiza wophunzira.

Nthaŵi ina m'mbuyomo munthu wina adaampatsa buku lotchedwa Scheme for Rendering Psalmody Congregational, limene lidatuluka m'chaka cha 1835. Adalilemba ndi Sarah Ann Glover, mwana wa mbusa wa mpingo wa Anglican ku Norwich. Poyamba Curwen adangolivundukula, naona zilembo zachilendo, naliika pambali poganiza kuti likungowonjezera mavuto. Atabwera ku Hull adalitenganso, ndipo ulendo uno adaliŵerenga modekha.

Mayi ameneyu adali ataphunzitsa ana kuimba kwa zaka zoposa makumi aŵiri, ndipo kwaya yake ya ana idali yodziŵika m'dera lonselo. Iye adatenga maina akale a mawu a nyimbo, amene adayamba ndi Guido wa ku Arezzo ku Italy zaka mazana asanu ndi atatu m'mbuyomo, nawakonza kuti agwirizane ndi lilime la ana ake. Dzina lachisanu ndi chiŵiri, limene ena ankalitcha si, iye adalisintha kukhala te, kuti lisayambe ndi chilembo chimodzimodzi ndi soh. Motero dzina lililonse lidatha kulembedwa ndi chilembo chake choyamba chokha. Adajambulanso makwerero a mawuwo pa pepala lalikulu, namaloza ndi ndodo, ana n'kumaimba pamene ndodo yagwa.

Koma mtima wa njira yake udali uwu: doh alibe malo amodzi okhazikika. Doh ndiye kwawo kwa nyimbo, kumene mawu ena onse amachokera ndi kubwerera. Nyimbo ikayambidwa pamwamba, doh akwera nayo. Ikayambidwa pansi, doh atsika nayo. Koma mtunda wochokera pa doh kufika pa me kapena pa soh sumasintha. Zili ngati banja limene lasamuka mudzi: nyumba ndi ina, koma atate akali atate, mwana akali mwana. Mwana akadziŵa ubale wa mawu asanu ndi aŵiriwo, wadziŵa makiyi onse nthaŵi imodzi.

Curwen adayesa njirayi pa iye mwini ndi pa kamwana kena ka m'nyumba imene ankakhala. Pasanathe milungu iŵiri adapeza kuti akutha kutenga nyimbo ya salimo m'buku, kuiyambitsa yekha ndi kuiimba, chinthu chimene adachifunafuna nthaŵi yaitali osachipeza. Adapitanso ku Norwich kukaona ana a Sarah Glover, ndipo adamva tiana tating'ono tikuimba mokoma, mosakuwa, tikutsata ndodo pa makwerero aja.

Pali chinthu china pa nkhaniyi chimene sitiyenera kuchibisa. Curwen adayamba kusintha zina m'njirayo ndi kuzisindikiza mwini wake asanavomereze. Adaika zilembo zazing'ono m'malo mwa zazikulu, nakonza mwa njira ina zizindikiro za nthaŵi, ndiwo madontho ndi timizere tija timaona pakati pa zilembo. Mayiyo sadakondwe nazo zosinthazo, ndipo sadazilandire zonse. M'menemu Curwen adachita mothamanga. Komabe moyo wake wonse sadaleke kunena poyera kuti maziko a ntchitoyo adaika ndi Sarah Glover, ndipo aŵiriwo adapitiriza kulemberana makalata mwaulemu mpaka mayiyo adamwalira m'chaka cha 1867.

Chimene chimasunga mwana m'kalasi

Nthaŵi yomweyo ku London kudali mphunzitsi wina wotchuka, John Hullah, amene boma linkamthandiza. Makalasi ake adayamba m'chaka cha 1841, ndipo anthu zikwizikwi adathamangirako. M'njira ya Hullah doh adali ndi malo amodzi osasintha. Maphunziro oyamba ankayenda bwino, koma akafika pa nyimbo za makiyi ena, maina aja ankaleka kugwirizana ndi chimene khutu likumva, ndipo ophunzira ambiri ankagwa mphwayi ndi kuleka. Hullah adali wodziŵa nyimbo kuposa Curwen kutalitali. Chimene chidamsoŵa ndicho njira yopyoletsa wophunzira wamba pa malo ovutawo.

Curwen adaŵerenga za Pestalozzi, mphunzitsi wa ku Switzerland, ndipo malangizo amene adapereka kwa aphunzitsi ake adatsata maganizo amenewo. Mwana ayambe wamva ndi kuimba chinthucho, ndipo pambuyo pake aone chizindikiro chake. Chosavuta chitsogole, chovuta chitsate. Chatsopano chimangidwe pa chimene mwana adziŵa kale. Chinthu chimodzi pa nthaŵi imodzi. Amene adapita ku koleji ya aphunzitsi adzati izi nzodziŵika kale. Inde nzodziŵika, koma taonani mmene iye adazigwiritsira ntchito.

Sadayambe ndi mawu onse asanu ndi aŵiri motsatana, monga timachitira ambiri a ife polemba d r m f s l t pa bolodi tsiku loyamba. Adayamba ndi doh ndi soh, nawonjeza me, pakuti atatu ameneŵa khutu limawagwira msanga ndipo amamveka bwino akaimbidwa pamodzi. Ndi mawu atatu okhawo ana ankatha kuimba kanyimbo kathunthu, ngakhale kugaŵana magulu aŵiri, pa maphunziro oyambirira penipeni. Mwana ankabwerera kwawo ali ndi kanthu koonetsa amake. Pambuyo pake mpamene ankaloŵetsa ray ndi te, kenaka fah ndi lah. Aphunzitsi, taganizani za mwana wa zaka zisanu ndi ziŵiri amene wayenda mtunda wautali kudza ku Sande Sukulu. Kodi adzabweranso chifukwa cha maina asanu ndi aŵiri olemba m'kope, kapena chifukwa cha nyimbo imene waiŵerenga yekha ndi maso ake?

Adaphunzitsanso kuti liwu lililonse lili ndi khalidwe lake likaimbidwa pang'onopang'ono pakati pa anzake. Doh ndi wolimba, wokhazikika. Soh ndi woŵala. Me ndi wodekha. Lah ndi wachisoni, wonga wolira. Te ndi wakuthwa, wosakhazikika mpaka atafika pa doh. Mphunzitsi sankayenera kungowauza ana zimenezi. Ankaimba liwulo ndi kuwafunsa kuti alimva bwanji, ndipo mayankho a anawo ankakhala mbali ya phunziro. Akatswiri ena adaseka chiphunzitso chimenechi, ndipo nzoona kuti khalidwe la liwu limasintha nyimbo ikafulumira. Koma kwa mwana chidali chogwirira chabwino. Mawu adaleka kukhala zilembo zouma, nakhala ngati anthu a m'mudzi amene aliyense adziŵika ndi mayendedwe ake.

M'chaka cha 1870 adawonjeza zizindikiro za dzanja. Doh ndi chibakera. Me ndi chikhatho chogona choyang'ana pansi. Soh ndi dzanja lotambasuka chammbali, monga lopereka moni. Lah ndi dzanja lolendeŵera ngati lofooka, ndipo te ndi chala choloza kumwamba. Phindu lake lalikulu nlakuti mphunzitsi safulatira ana. Woloza pa bolodi amaona bolodi, koma woimbitsa ndi dzanja amaona nkhope za ana, nazindikira msanga amene watayika. Ndiponso dzanja silifuna choko kapena ndalama, ndipo mwana aliyense angathe kuimirira kutsogolo ndi kuimbitsa anzake. Pa za nthaŵi ya nyimbo, adabwereka kwa aphunzitsi a ku France maina onga taa ndi taa-tai, kuti ana azitchula kugunda kwa nyimbo asanakulembe. Curwen sadachite manyazi kutenga chabwino kwa ena, ndipo ankatchula kumene wachitenga.

Wophunzira asanduka mphunzitsi

M'chaka cha 1844 Curwen adaitanidwa kukakhala mbusa ku Plaistow, kum'maŵa kwa London, ndipo chaka chotsatira adakwatira Mary Thompson. Ntchito ya nyimbo ankaichita pa nthaŵi yotsala pa ubusa, ndipo ndalama zosindikizira mabuku zinkachokera m'thumba mwake. Buku la Singing for Schools and Congregations lidatuluka m'chaka cha 1843, ndipo la Grammar of Vocal Music m'chaka cha 1848. Mkazi wake adalola kuti ndalama zimene banja lidasunga ziloŵe m'ntchitoyi, osadziŵa ngati zidzabwerera. Ubwino wake udali wakuti nyimbo za zilembo zinkasindikizidwa ndi makina wamba osindikizira mawu, motero mtengo wake udali woti munthu wosauka nkuukwanitsa.

Popeza boma silidali kumbali yake, Curwen adalibe aphunzitsi ena koma ophunzira ake omwe. Adakonza mayeso a masitepe osiyanasiyana, ndipo wopambana ankalandira setifiketi. Mayesowo sadali a kulemba matanthauzo ai. Wophunzira ankayenera kuimba yekha, kuloza nyimbo pa makwerero, ndi kuimba nyimbo imene sadaionepo. Kapepala kameneka kadali kamtengo wapatali kwa mnyamata wa m'fakitale amene sadalandirepo setifiketi ya mtundu uliwonse. Ambiri amene adakalandira adakatsegula makalasi awoawo m'matchalitchi, m'masukulu a ana osauka ndi m'magulu oletsa kuledzera. M'chaka cha 1852 maphunziro ake adasindikizidwa m'magazini yotchedwa Popular Educator, imene inkafika m'nyumba zambiri, ndipo m'chaka cha 1853 kudakhazikitsidwa bungwe la Tonic Sol-fa Association.

Aphunzitsi ameneŵa ankalembera Curwen za zimene zayenda bwino ndi zimene zakanika m'makalasi mwawo, ndipo iye ankazikamba m'nyuzipepala yake yotchedwa Tonic Sol-fa Reporter. Sadaumirire pa zimene adalemba kale. Buku lake lalikulu la Standard Course, limene lidatuluka m'chaka cha 1858, adalilembanso mwatsopano m'chaka cha 1872 atamva za m'makalasi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mitu yambiri imene idasenza denga limeneli idali ya anthu wamba ndi ya ana.

M'chaka cha 1857 ana okwana ngati 3,000 ophunzitsidwa m'njirayi adaimba pamodzi m'nyumba yaikulu yamagalasi ya Crystal Palace, pamaso pa anthu ngati 30,000. Kuyambira pamenepo nyuzipepala ndi akatswiri sadathenso kuinyalanyaza. Komabe onyoza sadasoŵe. Ankati zilembo ndi nyimbo za amphaŵi, ndipo zimatsekera munthu kunja kwa manotsi enieni amene oimba zida amagwiritsa ntchito. M'mawu ameneŵa mudali choonadi pang'ono. Curwen poyamba adafuna kuti zilembo zikhale khomo loloŵera ku manotsi a pa mizere, koma ophunzira ambiri adakhazikika pakhomopo osaloŵa m'nyumba. Mpaka lero alipo atsogoleri a kwaya aluso amene amasoŵa chochita akapatsidwa nyimbo ya pa mizere isanu. Koma tifunsenso kuti, pakadapanda zilembozo, ndi angati mwa iwo akadaŵerenga nyimbo ndi pang'ono pomwe?

Zaka zotsiriza

Ntchito idakula mpaka kumlemera. M'chaka cha 1863 adatsegula nyumba yosindikizira mabuku ku Plaistow, ndipo m'chaka cha 1864 adatula pansi ubusa wa pampingo, thanzi lake litafooka. Ena adamnena kuti wasiya Uthenga chifukwa cha malonda, ndipo mawu ameneŵa adamuŵaŵa, pakuti iye ankaona kuphunzitsa anthu kuimba monga mbali ya utumiki womwewo. Lamulo la maphunziro la 1870 litabweretsa masukulu a boma kwa ana a anthu wamba, masukulu ambiri adasankha njira yake, kuphatikizapo a mu London. M'chaka cha 1875 adatulutsa Teacher's Manual, buku lonena za luso la kuphunzitsa, limene mphunzitsi wa phunziro lina lililonse angapindule nalo. Nyumba ya Tonic Sol-fa College idatsegulidwa ku Forest Gate m'chaka cha 1879. Curwen adamwalira pa 26 May 1880 ku Heaton Mersey, pafupi ndi Manchester, ali ndi zaka 63. Mwana wake John Spencer Curwen adapitiriza ntchitoyo. Pambuyo pake Zoltán Kodály wa ku Hungary, atacheza ku England m'chaka cha 1927, adachita chidwi ndi maimbidwe a ana a m'masukulu, ndipo doh wosuntha uja pamodzi ndi zizindikiro za dzanja zidaloŵa m'masukulu a dziko lake.

Ku Scotland mipingo ya Presbyterian idalandira zilembozi ndi manja aŵiri, nizisindikiza m'mabuku a masalimo ndi a nyimbo. Amishoni adazitenga kupita nazo ku maiko ambiri, ndipo ndi mmene zidafikira m'masukulu a mishoni kuno kwathu. Kunena zoona, pamodzi ndi zilembozo kudabweranso maimbidwe achizungu amene nthaŵi zina sagwirizana ndi kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu m'zilankhulo zathu. Koma ophunzira a mu Africa sadangolandira chabe. Adatenga zilembozo nayamba kulemba nazo nyimbo zawozawo. Ku Lovedale, ku South Africa, sukulu imene idatumiza William Koyi ndi anzake kudzathandiza mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1876, John Knox Bokwe adasindikiza buku la nyimbo la Amaculo ase Lovedale m'chaka cha 1885.

Ndipo m'chaka cha 1897 Enoch Sontonga, mphunzitsi pa sukulu ya mishoni ya Methodist pafupi ndi Johannesburg, amene ankapekera ana a sukulu yake nyimbo ndi kuzilemba m'zilembo za d r m m'kope wamba, adapeka Nkosi Sikelel' iAfrika. Maimbidwe a nyimbo imeneyo ndi amene ali m'nyimbo za fuko za Tanzania ndi Zambia, ndiponso m'chigawo choyamba cha nyimbo ya fuko ya South Africa.